Za kuphika msuzi wa mafupa kwa maola ambiri

Nkhani ina imene ndawerenga yalongosola bwino kuti msuzi wa mafupa a ng'ombe umafuna moto wochepa kwa maola ambiri, koma yaiwala ife amene timaphikira pa mbaula. Choopsa si kutalika kwa nthawi ayi, koma kuti makala akazilala usiku, msuzi umazizira pang'onopang'ono mpaka kutsika pansi pa madigiri 60, pomwe tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timaswana msanga, ndipo tina mwa ito sitifa ngakhale madzi atawira. N'chifukwa chake ine ndimaphika masana, ndikumawonjezera makala kuti mphika usasiye kuwira. Msuzi ukapsa ndimaugawa m'mapoto ang'onoang'ono kuti ulowe mufiriji pasanathe maola awiri, popeza mphika waukulu umachedwa kwambiri kuzizira pakati.