Tsiku lomwe tinaponya alamu anga kunja kwa chombo

Ndinene zanga, amene akwiye akwiye.

Kuyambira nthawi ya Covid ija, mu 2020, banja lathu lili ndi chizolowezi chimodzi chomwe chinakana kufa: Loweruka usiku timasewera Among Us. Anayambitsa ndi msuweni wanga wa ku Johannesburg. Malire anali otseka, kumudzi sakanatha kubwera, ndiye anati m'malo momangotumizirana "mwadzuka bwanji uko" tsiku ndi tsiku, bola tiziphana pa foni. Tinaseka, koma mpaka lero tikuphanabe. Pamakhala achemwali anga aakulu a ku Leicester, ine kuno ku Lilongwe, mlongo wanga wamng'ono ndi amuna ake ku Zomba, ana a malume awiri, ndi anzathu ena omwe amalowa ndi kutuluka malinga ndi mmene bandulo ilili.

Kwa inu amene simunasewerepo: gemuyi inapangidwa ndi kakampani kakang'ono ka ku America kotchedwa Innersloth. Inatuluka mu 2018 koma inangokhala phee mpaka mliri utatsekera anthu m'nyumba. Mumakhala anthu 10, pano amalola mpaka 15, m'chombo cha mumlengalenga, aliyense ndi kamunthu ka mtundu wake, wina wofiira, wina wachikasu, wina wobiriwira. Ambiri mumakhala antchito, kuthamanga uku ndi uko kulumikiza mawaya, kutaya zinyalala, kudutsitsa khadi pa kamakina ka m'chipinda cha Admin kamene kamakana kasanu kasanavomere. Koma awiri mwa inu ndi ma impostor. Amanamizira ntchito, akakupeza wekha amakudula, n'kulowa m'kabowo kodutsa mpweya kukatulukira chipinda china ngati palibe chachitika. Wina akapeza mtembo amaitanitsa msonkhano, mumakangana mphindi imodzi kapena ziwiri, mumavota, wopeza mavoti ambiri amaponyedwa kunja. Pagulu lathu mawu oti impostor sanakhalitse. Sabata isanathe tonse tinkangoti mfiti. Mfiti ndi ndani? Ndaiona mfiti ikutuluka ku Electrical. Nthawi imeneyo zinkatiseketsa.

Anthu ambiri amati masewera otere amakuphunzitsa kugwira munthu wabodza. Ine ndikukana. Ndasewera kwa zaka, ndipo mpaka lero achemwali anga amandinamiza ndi mawu omwewo amene amapempherera chakudya, ine n'kukhulupirira. Chimene ndaphunzira n'china, ndipo sichokoma: kupha munthu wosalakwa n'kophweka kwambiri ngati muli ambiri ndipo nthawi yoganiza ndi yochepa.

Mvetserani zimene zinachitika usiku wina.

Tinali 10, afiti awiri, pa mapu otchedwa The Skeld. Afiti anazimitsa magetsi a m'chombo, ndipo zikatero umangoona kadera kakang'ono kozungulira kamunthu kako. Magetsi atayaka, belu linalira: mtembo wa mwana wa malume, pakhomo la Electrical. Asanatsegule pakamwa aliyense, achemwali anali atayamba kale.

"Wachikasu. Ndamupeza ataima pomwepo, osasuntha n'komwe."

Wachikasu anali alamu anga a ku Zomba.

"Alamu, yankhulani," anatero msuweni.

Zii.

"Alamu?"

Zii.

"Mwaonatu. Alibe chonena."

Timabokosi ta mavoti tinayamba kudzaza. Mmodzi, awiri, anayi. Tsono apa ndi pomwe pali nkhani yanga. Mphindi zitatu zapitazo ndinali nditawaona alamu ku MedBay ataima pa makina ounika thupi, kuwala kobiriwira kukukwera ndi kutsika pa iwo. Aliyense wosewera amadziwa kuti mfiti singachite zimenezo, makinawo amayakira munthu wosalakwa yekha. Ndinkadziwa, osati kuganizira chabe, kuti alamu ndi oyera. Koma m'mutu mwanga munabwera kamawu kakuti, ukawaikira kumbuyo anthuwa anena kuti ndiwe mfiti yachiwiri. Chala changa chinadina pa wachikasu. Tinaonerera kamunthu kawo kakuyandama mumdima, n'kutuluka mawu otiuza kuti sanali iwo.

Patapita kanthawi uthenga unalowa pa WhatsApp: "Pepani netiweki inadula kuno, ndimangomva phokoso. Ndafa bwanji?"

Mfiti anali achemwali omwewo pamodzi ndi msuweni. Achemwali anapha okha, n'kuliza okha belu, n'kuloza munthu woyamba amene anamuona ataima.

Tinaseka mpaka misozi, inde. Koma ndikamaganiza pano, sizinangochitika kuti analoza alamu. Pabanja pathu iwo ndi mkamwini. Ife tonse tinakulira pamphasa imodzi, timadziwana ndi kaphumidwe komwe, iwo anabwera dzana. Ndipo ngakhale netiweki ikanakhala bwino, kodi akanayankha chiyani? Mkamwini anganene kwa achemwali aakulu a mkazi wake kuti "mukunama"? Ndinawamvapo tsiku lina akudziteteza, anati, "Mwina simunaonetsetse bwino, alamu." Ulemu wokhawokha. Pamene msuweni wa ku Joni akamanamiziridwa amakuwa, "Iwe usandizolowere!" ndipo timamusiya. Pa msonkhano wa mphindi imodzi, ulemu umamveka ngati mantha, ndipo mantha amamveka ngati kuvomera mlandu. Moti alamu anasanduka munthu woponyedwa kunja pafupipafupi kuposa wina aliyense. Akangokhala chete, mfiti. Akayankhula kwambiri, lero bwanji alamu akulongolola, mfiti. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Masamu ake ndi omwe amandipweteka. Afiti amapambana akatsala ofanana chiwerengero ndi anthu abwino. Mukayamba 10, afiti awiri, ndiye kuti ayenera kuchotsa anthu 6. Kupha si kophweka kwa iwo: akapha mmodzi amadikira masekondi angapo asanaphenso, ayenera kumupeza munthu ali yekha, ayenera kuopa makamera a ku Security. Koma ife tikaponya kunja munthu wosalakwa tawagwirira ganyu yaulere, popanda iwo kudikira kapena kubisala. Masewera ambiri amene tinaluza, theka la mitembo tinapanga tokha ndi manja athu, tikuomberana m'manja.

Ndipo izi sizinabwere mwangozi, ndi mmene masewerawa anapangidwira kuchokera pachiyambi. Gogo wa magemu onsewa ndi Mafia, imene Dmitry Davidoff anayambitsa mu 1986 akuphunzira za kaganizidwe ka munthu pa Moscow State University. Panalibe foni, anthu ankangokhala mozungulira n'kutsinzina ukafika "usiku". Mtima wa masewerawo ndi umodzi: anthu ochepa amene akudziwana ndipo akudziwa zoona, kulimbana ndi chinamtindi cha anthu amene sakudziwa kanthu. Mu 1997 Andrew Plotkin anasintha zigawengazo kukhala anthu osanduka mimbulu usiku, n'kukhala Werewolf. Kwathu kuno tikanati osanduka afisi, tikanamva msanga. Timakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo n'zoona, koma mitu isanu ndi itatu ikhoza kusenza denga n'kukaliika pa nyumba ya eni ake ngati awiri amene akutsogolera njira anapangana kale.

Pali ina yotchedwa Town of Salem, yomwe ndinayesako kangapo koma Chingerezi chake chimathamanga kuposa zala zanga. Dzinalo analitenga ku tauni ya Salem ku Massachusetts, komwe mu 1692 anthu oposa 200 ananamiziridwa ufiti ndipo 19 ananyongedwa. Chimene chinandizizira nditadziwa mbiri imeneyo n'chakuti ambiri amene anavomera kuti ndi mfiti n'kutchula anzawo anapulumuka, pamene amene anaumirira kuti "sindine" ndi omwe anakwera pa chingwe. Ndendende msonkhano wathu wa Loweruka. Kukana sikukuthandiza, chimene chimakupulumutsa n'kuloza wina mwachangu.

Apa ndi pomwe mawu athu aja oti mfiti anasiya kundiseketsa. Si ife amene tinaona za anamapopa mu 2017? Kuno kwathu mphekesera inayambira ku Mulanje, n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Mmodzi mwa iwo anali munthu wodwala khunyu. Bungwe la United Nations linachita kuchotsa antchito ake m'maboma ena. Nanga agogo athu amene amagendedwa m'midzi mwana akangomwalira mwadzidzidzi? Lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1911, koma lamulo silikhalapo pa mphindi ziwiri zija pamene wina wakuwa koyamba. Ndipo amene amalozedwa ndi omwewo: mlendo, wokalamba wokhala yekha, wodwala, wosatha kudziyankhulira. Wachikasu amene waima osasuntha.

Ndikudziwa ena munena kuti ndakokomeza, gemu ya ana ndi imfa ya munthu n'zosiyana. N'zosiyanadi, kutalitali. Koma ine kale ndinkaonera mavidiyo a anthu akugenda munthu n'kumati, anthu amenewa mitu yawo ikuyenda? Ine sindingachite zimenezo. Pano sindilankhulanso motero. Ndinali ndi umboni m'manja, palibe amene akanandimenya, chimene ndikanataya chinali gemu ya mphindi khumi basi, koma ndinadina pa wachikasu kuti ndisaoneke wosiyana ndi gulu. Ngati ndinalephera pamenepo, pamsika pomwe anthu anyamula miyala ndingakhale ndani?

Komanso ndisakunamizeni kuti yankho ndi kungosiya kuvota. Batani la skip lilipo, koma gulu lomangodina skip limatha ngati nkhuku za chitopa, mmodzimmodzi mpaka chombo chonse. Nthawi zina mwatsala atatu, mfiti ili pakati panu, muyenera kuloza basi ngakhale simukutsimikiza. Vuto si kuloza ayi. Vuto ndi lakuti pamsonkhano mawu atatu osiyana amamveka ngati amodzi: ndaona ndi maso anga, ndamva wina akunena, ndipo akungondikayikitsa. Woyamba akati "ndaona wachikasu pafupi ndi mtembo", wachiwiri amati "eya, wachikasu", wachitatu "inenso ndimamukayikira kale", ndipo wachinayi amawerenga kuti mboni zilipo zitatu, chonsecho mboni ndi imodzi, ndiponso ndi yomwe yapha. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Mukafuna kuzimvetsa bwino, ifani msanga tsiku lina. Ukafa mu Among Us umasanduka mzukwa, umayandama kudutsa m'makoma, umaona zonse, koma amoyo sakumva. Umamuona amene wakupha akutsogolera msonkhano modekha, akufunsa mafunso anzeru, "Tiyeni tisathamange, aliyense anene komwe anali." Umakuwa wekha m'chipinda mpaka akazi ako kudzuka n'kukufunsa ngati uli bwinobwino. Mfiti yodziwa ntchito sikuwa, imakhala tcheyamani.

Zitachitika za alamu zija tinakhazikitsa malamulo awiri. Loyamba, woloza mnzake anene komwe iye anaima ndi chimene ankachita. Lachiwiri, munthu akakhala chete osayankha sitimuvotera, timadina skip, chifukwa netiweki ya kwathu kuno siuza munthu kuti ndikupita. Kwa milungu ingapo zinayenda. Afiti ankagwidwa ndi pakamwa pawo, wina n'kunena kuti anali ku Navigation pamene anthu awiri anali komweko osamuona.

Kenako Loweruka lina mtembo unapezeka ku Storage, mwana wa malume n'kunena kuti waona wachikasu akuthawa. "Alamu, yankhulani." Zii. "Netiweki imeneyo, asiyeni," ndinatero ine, mokweza, ndikumva kukoma mumtima kuti lero ndaima pachoonadi. Tinadina skip. Mtembo wachiwiri, zii, skip. Wachitatu ndinali ineyo, anandidulira ku MedBay komweko, pafupi ndi makina aja. Gemu itatha tinangomva kuseka kuchokera ku Zomba, mawu omveka bwino ngati ali m'nyumba momwemo: "Pepanitu alamu, lero netiweki inali bwino kwabasi."

Za tsiku loyamba lija, zoti ndinawaona pa makina koma n'kuwavotera, sindinawauzepo. Aziwerenga pano limodzi ndi inu. Alamu, Loweruka ndilowa mochedwa pang'ono, muyambe mwapsa mtima pa ena.