Nkhuyu ndikudya ine, zikupota inu bwanji alamu?

Anthuni ndiloleni ndilankhule, chifukwa chinthu ichi chandikhala pakhosi kuyambira Loweruka.

Ndili kukhitchini masana ndikusita mayunifolomu a kuntchito, kawailesi kanga kakale ka ma CD kakulira pawindo. Ndaika nthano ya Sarah Jane, ija ya The Glittering Storm, imene ndinaitola pa paundi imodzi m'shopu ya zinthu zakale kuno ku England. Nkhani yafika pokoma, mayi wina wooneka waulemu wake wathyola nyumba usiku akusakasaka golide, ine simbi ndaiimika m'malere kudikira kuti zitha bwanji. Alamu anga tulukiru, ndi odi yemwe ayi. Amvetsera pang'ono, atola chikuto cha CD, achitembenuza uku ndi uku, basi phwete kuseka. "Alamu, zoona munthu wamkulu ngati inu, wa ana atatu, kumatchera khutu za ana?" Asanamalize n'kuseka komwe, chala pabatani, azimitsa. M'nyumba mwanga, wailesi yanga, iwo n'kuzimitsa!

Ndinangoti zikomo alamu, chifukwa ndinaleredwa. Koma pano ndinena.

Nthano yokoma ilibe msinkhu. Inde ndi za ana, ndani wakana? Pulogalamu yake ya pa TV, The Sarah Jane Adventures, inayamba pa 1 Januwale 2007, inkaonetsedwa pa CBBC, kanema wa ana wa BBC, mpaka 2011, ndipo ndi mphukira ya sewero lina la pa TV, Doctor Who. Sarah Jane ndi mayi mtolankhani wokhala pa nambala 13 Bannerman Road ku Ealing, mu London, m'chipinda cham'denga muli kompyuta yolankhula dzina lake Mr Smith, ndiye iye ndi tiana Luke, Clyde, Maria, kenako Rani, ali kalikiliki kulimbana ndi zilombo zochokera kumaiko a mlengalenga. Ana anga anakula nazo zimenezi. Akaweruka kusukulu tinkakhala tonse pa sofa, wamng'ono ali pamiyendo. Lero aliyense ali kwake, foni amaimba akafuna ndalama. Ndiye ine ndikamva mawu a mayi uja m'khitchini mwanga, mukufuna ndichite manyazi? Manyazi a chiyani?

Mumudziwa kodi amene amawerenga nthanoyo? Elisabeth Sladen. Anayamba kusewera ngati Sarah Jane mu 1973, alamu inu musanabadwe. Pamene ankajambula nthano iyi mu 2007 anali atapitirira zaka 60. Mayi wa zaka zimenezo anakhala pansi yekha patsogolo pa maikolofoni, n'kumasintha mawu, apa akhale mwana, apa akhale chilombo, ndi mtima wake wonse, osaona kuti zikumuchepetsa. Iye wowerenga sanachite manyazi, ine womvera ndiye ndichite? Anamwalira mu Epulo 2011 ndi khansa, pulogalamu ya pa TV inathera panjira, chotsala ndi mawu akewa. Ndiye mawu amenewo munthu n'kungofika n'kuwadula ngati akuthamangitsa ntchentche.

Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, timatero. Koma apa nkhuyu ndikudya ndine, mano anga, mimba yanga. Zikupota inu bwanji?

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ife ndife anthu a khutu. Tayiwala liti? Tinakula tikuzungulira kawailesi kamodzi pakhonde, mabatire titawaanika padzuwa tsiku lonse kuti afikeko madzulo. Sewero la Sabata Ino likayamba pa MBC, bambo ankatontholetsa nyumba yonse, mwana ukangotsokomola diso lokha linkakukwanira. Kapalepale ankamvera ana okha? Agogo akati padangokhala, amene ankayankha tilitonse mokweza kuposa tonse anali amalume, ndevu zili pepeya. Kalulu wolankhula, wopusitsa Fisi ndi Njovu, tinamulandira popanda funso. Koma K9, galu wachitsulo wa Sarah Jane, akalankhula ndiye zachibwana? Chasintha n'chiyani, ubweya?

Kaya tinauzidwa kuti kukula ndi kukwinya nkhope, kaya ndi kudzionetsa chabe, zimenezo adziwa okha.

Ndipo ndikuuzeni, nthano ya m'khutu imandikomera kuposa ya pa TV. Pa TV chilombo umachiona, nthawi zina n'kuzindikira kuti ndi munthu wavala mphira kumaso, mantha n'kutha. M'khutu chilombo umachiumba wekha, kukula kwake, mano ake, fungo lake lomwe. Manja ali pantchito, ndikusita, ndikutsuka mbale, ndikusadzula nsomba, koma mutu uli pa Bannerman Road. Munthu wochoka ku shifiti ya usiku, maso akuwawa, sufunanso kuyang'ana chowala chilichonse. Umafuna wina akuuze nthano basi. Ola limodzi lokha. Ola limodzi la ine mwini pa sabata yonse, ndiye limenelonso likhale ndi woyang'anira?

Mukuganiza kuti ndili ndekha? Mu 2023 kampani ya Big Finish inatulutsa nthano zina zomvera, Rani Takes on the World, Anjli Mohindra ndi Daniel Anthony atabwereranso ngati Rani ndi Clyde, tsopano ali akuluakulu. Mukuti anapangira ndani? Ana aja ankaonera mu 2008 lero ndi anthu a pantchito, olipira lendi, ndipo akugula ndi ndalama zawo. Palibe akuwalanda wailesi.

Za ana, za ana. Munthu amene akunena zimenezi ndi yemwe uja amakhala mphindi 90 akukalipira TV chifukwa anyamata 22 akuthamangitsana ndi chikopa. Timu yake ikagonja nsima sadya, mng'ono wanga amayenda chonyang'ama m'nyumba masiku awiri. Ine ndinayamba ndapitako kukazimitsa? Ndinayamba ndanenapo kuti mpira tinkasewera tili ana ndi wa mapepala a shuga? Ndimangowasiya, chifukwa chimene munthu wachikonda wachikonda. Iwo zawo ndi zachikulu, zanga ndi zachibwana. Anagawa ndani zimenezi?

Atapita ndinayatsanso, n'kuyambira poyamba penipeni, voliyumu mpaka kumapeto. Yunifolomu imodzi ndinaiwaula pakolala, ndilibe nazo ntchito.

Komanso poti tayamba, alamu omwewa ndi aja amaliza mavidiyo a pa WhatsApp mokweza m'basi, opanda mahedifoni, mlaliki akukuwa basi yonse kumva, anthu kumatembenuka kutiyang'ana tonse ngati tabwera limodzi. Patebulo pomwe tikudya, foni ili pambali pa mbale ya ndiwo ikubwebweta. Pamenepo manyazi sawagwira ayi. Ndipo chaja yanga ija munabwereka mu Disembala, alamu, mubweze.