SSD yodula kwambiri ija, kodi mukulipira chiyani kwenikweni?

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, chifukwa ndine mmodzi wa anthu amene nambala ya pa bokosi inawatenga mtima. Kompyuta yanga inali ndi SSD (drive yosungira mafayilo yopanda mbale zozungulira) ya NVMe ya PCIe 3.0 yomwe sinandilakwirepo tsiku n'limodzi lomwe. NVMe ndi mtundu wa SSD wothamanga, ndipo PCIe ndi njira imene imalumikizirana ndi kompyuta; nambala ikakwera, njirayo imakula. Koma ndinaichotsa, n'kuikapo ina ya PCIe 4.0 ya pamwamba zedi, yolembedwa kuti imawerenga 7,000 MB pa sekondi. Yakale ija inali ya 3,500. Pamasamu ndiye kuti liwiro lawirikiza kawiri, eti? Nditamaliza kusamutsa zonse ndinatenga foni, kutsegula wotchi yowerengera masekondi, n'kuyatsa kompyuta. Ndinayesa katatu. Kusiyana kwake sikunakwane sekondi imodzi. Ndinatsegula Chrome, Word, Photoshop, zonse zinatseguka monga mwa masiku onse. Malo okha amene ndinaona liwiro limene ndinalipira linali mu CrystalDiskMark, pulogalamu yoyezera ma drive, ndipo ndinajambula manambala aja n'kutumizira anzanga ngati kuti ndawina chikho. Mmodzi anayankha kuti, "Ndiye Excel ikuthamanga bwanji tsopano?" Ndinangokhala chete.

Ndiye maganizo anga ndi awa, anzanga: kwa anthu ambiri, SSD ya pamwamba penipeni ndi kutaya ndalama. Koma musafulumire kuwomba m'manja inu okonda zotchipa, chifukwa yotchipitsitsa nayo ili ndi msampha wake, ndipo ndinagweramonso. Tifika.

Nambala yaikulu ya pa bokosi ija imayeza ntchito imodzi yokha: kuwerenga fayilo imodzi yaikulu, yoyalidwa motsatana, kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Kompyuta yanu siigwira ntchito yotere kawirikawiri. Mukamayatsa Windows kapena kutsegula pulogalamu, imatolera timafayilo masauzande, tating'onoting'ono, tambiri ta 4 KB, tomwazikana paliponse, ndipo nthawi zambiri imapempha kamodzi, kudikira yankho, kenako n'kupempha kena. Zili ngati kalaliki amene akufuna mapepala m'madirowa chikwi. Kumukulitsira khomo la ofesi sikumuthandiza, chifukwa chomuchedwetsa ndi kutsegula dirowa iliyonse. Pa ntchito imeneyi ma SSD a NVMe, odula ndi apakati omwe, amapereka manambala a cha m'ma 100 MB pa sekondi kapena kucheperapo, ndipo amasiyana pang'ono chabe. Mzere umenewu uli pansi penipeni mu CrystalDiskMark, ndipo ndi umene palibe amene amaujambula n'kuuika pa Facebook.

Kudumpha kwenikweni kunachitika kale, pamene tinachoka pa hard disk. Hard disk ili ndi mbale zozungulira, nthawi zambiri maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kadzanja kamene kamayenda kukasaka pamene pali fayilo. Kusaka kulikonse kumadya mamilisekondi angapo. SSD ilibe chozungulira chilichonse, imayankha m'kachigawo kakang'ono ka milisekondi imodzi. Ndiye chifukwa chake laputopu yakale imene inkatenga mphindi ziwiri kuyaka, ukaiika SSD wamba ya SATA (njira yakale yolumikizira ma drive), ya 550 MB pa sekondi, imakhala ngati yabadwanso. Aliyense amene anachitapo zimenezi akukumbukira tsiku lake. Vuto n'lakuti timafuna chisangalalo chomwecho kachiwiri, ndipo ogulitsa akudziwa. Kuchoka pa SATA kupita pa NVMe mumamvako pang'ono. Kuchoka pa 3,500 kupita pa 7,000, ine ndi wotchi yanga sitinamve kanthu. Tsopano kwabwera za PCIe 5.0, monga Crucial T705 yolembedwa 14,500 MB pa sekondi ndi Samsung 9100 Pro yolembedwa 14,800, ndipo funso langa ndi lomwelo la mnzanga uja la Excel.

Pali china chimene anthu amaiwala. Fayilo ikamayenda imachokera kwina n'kupita kwina, ndipo imayenda pa liwiro la chochedwa kwambiri pa ziwirizo. Mukukopera zithunzi kuchokera pa memory card ya UHS-I? Malire ake ali cha pa 104 MB pa sekondi. Pa waya wa netiweki wa gigabit? Pafupifupi 125. Pa drive yakunja ya USB ya 10 Gbps? Cha m'ma 1,000. Mukutsitsa pa intaneti? Apo ndiye tisanene n'komwe. Kuti muone 14,000 ija ikugwira ntchito pokopera, mufunika ma drive awiri otere m'kompyuta imodzi, ndi motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta) yoti onse awiri iwapatse njira yokwanira. Ndipo ndaonapo anthu akugula drive ya PCIe 4.0 n'kuiika mu laputopu imene malo ake olowetsamo SSD (a M.2) ndi a PCIe 3.0. Imagwira ntchito, inde, koma pa liwiro la 3.0. Ndalama yowonjezera ija yangogona m'katimo.

Tsopano msampha wa zotchipa uja. Nditakhumudwa ndi yodula, ndinapita kumapeto kwina. Ndinafuna malo osungira mavidiyo, ndiye ndinagula ya 2 TB yotchipa kwambiri imene ndinaipeza, bokosi lake lolembedwa manambala okongola ndithu. Tsiku lina ndinayamba kukopera foda ya mavidiyo ya 400 GB. Poyamba kamzere kobiriwira ka Windows kanakwera mpaka kudenga, ine n'kumwetulira kuti ndachenjera. Nditachoka pang'ono n'kubwerera, ndinapeza kamzere kaja katagwa ngati kaphedi, kakukwawa pansi pa liwiro limene hard disk yanga yakale inkalipitirira. Nthawi yotsala inasintha kuchoka pa mphindi zochepa kufika pafupifupi ola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chinachitika n'chosavuta kumva. SSD imasunga zinthu m'timaselo ta flash, ndipo selo limodzi likhoza kusunga bit imodzi (SLC), ziwiri (MLC), zitatu (TLC) kapena zinayi (QLC). Mukamapanikiza ma bit ambiri mu selo limodzi, drive imatchipa, koma kulemba kumavuta. Selo la TLC liyenera kusiyanitsa milingo 8 ya magetsi, la QLC milingo 16, ndipo kuika magetsi molondola pa mlingo umodzi mwa 16 kumafuna nthawi komanso kumatopetsa selo msanga. Ndiye opanga anapeza nzeru: gawo lina la drive amaligwiritsa ntchito ngati SLC, bit imodzi pa selo, kuti lilandire zinthu mwachangu, kenako drive ikapuma imazisamutsira kumalo kwake pang'onopang'ono. Gawo limeneli ndi limene amati SLC cache. Mukamalemba zochepa simudziwa n'komwe kuti liliko. Likadzaza, mumakumana ndi liwiro lenileni la drive yanu. Pa ya TLC yabwino limatsika koma limakhalabe lolemekezeka. Pa ya QLC yotchipa limagwa mochititsa manyazi. Ndipo pa ma drive ambiri cache imachepa drive ikamadzaza, kutanthauza kuti imene inkathamanga ili yopanda kanthu imayamba kutsimphina ikafika pa 85 kapena 90 peresenti.

Apa ndiye pamene ndimati ndalama yowonjezera ili ndi phindu, koma onani kuti phindu lake lili pa zinthu zimene sizilembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa bokosi. Kodi ndi TLC kapena QLC? Cache ikatha imalemba pa liwiro lanji? Ili ndi DRAM, memory yakeyake yothamanga, yosungira mapu a pamene pali fayilo iliyonse, kapena imabwereka pang'ono pa RAM ya kompyuta kudzera mu njira yotchedwa HMB? Pa DRAM apa ndinene mosabisa kuti anthu amakokomeza. SSD ya SATA yopanda DRAM ndi yoipa ndithu, chifukwa SATA ilibe njira yobwerekera imeneyo. Koma ya NVMe yamakono yopanda DRAM, ya TLC, imagwira bwino kwambiri moti pa ntchito za tsiku ndi tsiku simungaisiyanitse ndi yodula. Ma drive apakatiwa ndi amene ine ndimati ndiwo oyenera ambiri a ife.

Chenjezo limodzi pa apakati ndi otchipa: dzina la drive likhoza kukhala lomwelo koma zam'kati zitasintha. Mu 2021 zinadziwika kuti Crucial P2, imene inatuluka ndi TLC, inayamba kugulitsidwa ndi QLC, ndipo chaka chomwecho WD Blue SN550 inasinthidwa flash n'kuyamba kulemba pang'onopang'ono cache ikatha. Ndiye mukamawerenga zimene oyesa ma drive analemba, onani chaka chake. Ma drive a pamwamba sakonda kusinthidwa motere, ndipo ndivomereze kuti chimenecho ndi chifukwa chimodzi chomveka chowalipirira.

Nanga za kukhalitsa? Iyi ndi mfundo imene ogula zodula amaigwiritsitsa: "Yanga ikhala zaka zambiri." Tiyeni tiwerenge. Samsung 990 Pro ya 1 TB ili ndi chitsimikizo cha zaka 5 kapena 600 TBW, kutanthauza ma terabyte 600 olembedwa. Mukagawa 600 TB pa zaka zisanu, ndiye kuti muzilemba pafupifupi 330 GB tsiku lililonse, Lamlungu ndi tchuthi chomwe. Tsegulani CrystalDiskInfo, pulogalamu yoonetsa thanzi la drive, muone zimene drive yanu yalemba chiigulireni. Yanga yakale ija, patatha zaka zinayi, inali isanafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a malire ake. Komanso ma drive apakati a TLC ambiri ali ndi 600 TBW yomweyo pa 1 TB. Ndipo malirewa ndi a chitsimikizo chabe, si tsiku la maliro. A webusaiti ya zamakompyuta ya The Tech Report anayesapo ma SSD asanu ndi imodzi kuyambira 2013 mpaka 2015, kuwalembera mosalekeza mpaka afe. Onse anapitirira 700 TB, ndipo Samsung 840 Pro ya 256 GB inafika pa 2.4 petabyte, omwe ndi 2,400 TB. Amenewo anali ma drive aang'ono a zaka zoposa khumi zapitazo.

SSD ikamafa, kawirikawiri si chifukwa chakuti maselo atha. Ndi controller (kachipangizo koyendetsa drive), firmware (pulogalamu ya m'kati mwake) kapena magetsi, ndipo imafa mwadzidzidzi, osalira kaye ngati mmene hard disk inkachitira ndi kaphokoso kake ka "tiki, tiki". Mtengo sukutetezani pamenepa. Kumayambiriro kwa 2023 eni a 990 Pro yomwe ija, drive ya pamwamba pa zonse za Samsung nthawi imeneyo, anaona nambala ya thanzi la drive ikutsika mofulumira modabwitsa, mpaka kampaniyo inatulutsa firmware yokonza vutolo. Sindikunena kuti ndi drive yoipa, ayi, ndi yabwino kwambiri. Ndikungoti munthu amene waika zithunzi zonse za banja lake pa drive imodzi yodula, popanda kopi kwina, ali pangozi kuposa amene ali ndi ma drive awiri apakati, ina yogwirira ntchito ina yosungira kopi.

Kutentha nakonso tisakuiwale. Ma drive oyamba a PCIe 5.0, okhala ndi controller ya Phison E26, ankatentha moti ena ankabwera ndi heatsink (chitsulo chochotsa kutentha) yaikulu, ena mpaka ndi kafani kawokawo. Drive ikatentha mopyola imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Atsopano akuchita bwinoko, koma mu laputopu yopyapyala, momwe mpweya ndi wochepa ndipo batire ndi yamtengo wapatali, drive yothamanga kwambiri ikhoza kukudyerani batire chifukwa cha liwiro limene simuligwiritsa ntchito.

Alipo amene ndingawauze kuti gulani yodulayo osayang'ana m'mbuyo. Wokonza mavidiyo a 4K kapena 8K amene tsiku lililonse amatsitsa ma gigabyte mazana kuchokera pa khadi ya kamera ya CFexpress, makasitomala akudikira. Woyendetsa ma virtual machine (makompyuta oyerekezera a m'kati mwa kompyuta imodzi) angapo nthawi imodzi, kapena database imene imalembedwa usana ndi usiku. Amene amalowetsa mafayilo akuluakulu a AI m'makina kangapo pa tsiku. Kwa anthu awa mphindi khumi zopulumutsidwa tsiku lililonse zimabweza ndalama ija m'miyezi yochepa, ndipo iwo safunsa n'komwe funso ili, amadziwa kale pamene drive yawo ikuwachedwetsa.

Osewera magemu ndi amene ndimawamvera chisoni, chifukwa malonda onse amaloza iwo. Pa PlayStation 5 palibe mkangano: Sony imafuna drive ya PCIe 4.0, imalimbikitsa ya 5,500 MB pa sekondi kapena kuposa, komanso heatsink. Kwaniritsani zimenezo basi, kupitirira apo n'kungodzisangalatsa. Pa kompyuta, Microsoft inatulutsa DirectStorage mu 2022 kuti magemu azitha kukoka zinthu pa NVMe mwachangu, koma magemu ambiri akamatsegula amachedwa ndi purosesa imene ikumasula mafayilo opanikizidwa, osati drive. Gemu ya masiku ano imadya 100 GB mosavuta, ina kupitirira. Ndiye pakati pa 1 TB yothamanga kwambiri ndi 2 TB yapakati ya TLC, ine ndimasankha 2 TB popanda kuganiza kawiri. Kufufuta gemu imodzi kuti ina ilowe, kenako n'kudzaitsitsanso, kumadya nthawi yambiri kuposa masekondi onse amene drive yodula ingakupulumutsireni chaka chonse. Komanso drive yaikulu siidzaza msanga, ndiye cache yake imakhala ndi mpata wopumira.

Ena mundiuza kuti munagula yodula chifukwa mumangoikonda, ndipo zimenezo sindingatsutse, ndalama ndi zanu. Inenso yanga ija sindinaibweze, ikadali m'kompyuta, ikutsegula Word pa liwiro lomwe lija. Yakale ya 3,500 ndinaiika m'kabokosi ka USB, ndipo Lachisanu lililonse madzulo ndimaikoperamo mafayilo anga onse a ntchito, pa 1,000 MB pa sekondi, kenako n'kuisunga m'dirowa.