Pa nkhani ya bilu yochotsa mimba, mbali zonse ziwiri zimatibisira kanthu

Nkhani ya bilu yochotsa mimba ikangobuka pagulu lathu la WhatsApp la kuno ku Nkhotakota, ndimadziwiratu mathero ake. Wina aponya chithunzi cha khanda, wina aponya chiwerengero cha amayi omwalira, wachitatu alemba vesi, kenaka mmodzi atuluka m'gulu mokwiya. Mukafunsa kuti mwa onsewa ndani anaionapo biluyo, zii. Abale anga, zoti mukhale mbali iti ndi za inu ndi chikumbumtima chanu. Changa n'chakuti tizizindikira machenjera amene otsogolera mkanganowu amatikolera nawo, chifukwa onse ali nawo.

Lamulo lomwe lilipo pano lili mu Penal Code imene inakhazikitsidwa mu 1930. Gawo 149 limati wochotsa mimba ya munthu wina akhoza kukaseweza zaka 14 kundende, gawo 150 limapereka zaka 7 kwa mayi mwini wake, ndipo gawo 151 zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zipangizo. Khomo lokhalo lotseguka mu Penal Code ndi gawo 243, lomwe limalola dokotala kuchita opaleshoni pofuna kupulumutsa moyo wa mayi.

Taonani chakacho, 1930. Otsutsa bilu amakonda kunena kuti "izi n'zachizungu, atitumizira ndi ndalama zawo." N'zoona kuti mabungwe ambiri olimbikitsa biluyi amathandizidwa ndi ndalama zakunja, palibe chobisa. Koma lamulo limene akulitetezalo analemba ndani? Atsamunda, dziko lino likadali Nyasaland. Nawonso a mbali inayo akagwira mfundoyi amaivina ngati yathetsa mlandu, amvekere "lamulo la atsamunda, lichoke." Lamulo loletsa kuba lilinso m'buku lomwelo, kodi nalo lichoke? Kumene chinthu chinachokera sikutiuza ngati chili chabwino kapena choipa. Onsewa akungothawa funso.

Chenjerero lachiwiri ndi lomangirira nkhani ziwiri pamtolo umodzi. Mu December 2016, a Episcopal Conference of Malawi ndi a Evangelical Association of Malawi anatsogolera zionetsero m'dziko muno, ndipo uthenga wake unaphatikiza kuchotsa mimba ndi maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Kuyambira pamenepo, munthu ukangoti "bwanji tikambirane za mwana wa sitandade 7 amene wapatsidwa mimba ndi amalume ake," anthu amakuyang'ana ngati wavomereza zonse ziwiri. Biluyo sinena kalikonse za maukwati. Kumangirira koteroko kumathandiza kudzaza msewu ndi anthu, koma kumatseka pakamwa aliyense wofuna kufunsa.

Nanga biluyo imati chiyani kwenikweni? Inachokera ku lipoti la komiti yapadera ya bungwe lounika malamulo la Law Commission lomwe linatuluka mu 2015, ndipo m'komitimo munali madokotala, odziwa malamulo, mafumu ndi oimira zipembedzo. Zifukwa zomwe inavomereza ndi zowerengeka: moyo wa mayi ukakhala pachiswe, thanzi lake la m'thupi kapena la m'maganizo likakhala pangozi, mwana wosabadwayo akakhala ndi chilema chachikulu choti sangakhale ndi moyo, komanso mimba ikabwera chifukwa chogwiriridwa, kugonana pachibale kapena kugona mwana wamng'ono. Zoti mayi azingofika kuchipatala n'kunena kuti "sindikuifuna" komitiyo inakana. Umphawi nawo inaukana ngati chifukwa. Choncho amene amalalikira kuti biluyi ikutsegulira aliyense khomo akunena zomwe mulibe.

Komabe otsutsawo ali ndi mfundo imodzi yolemera imene a mbali inayo sakonda kuiyankha mwachindunji. Mawu oti thanzi la m'maganizo ndi otambasuka. Ku Britain, lamulo la 1967 lili ndi chifukwa chofanana nacho, ndipo mimba zochuluka zomwe zimachotsedwa kumeneko zimadutsira pomwepo. Munthu wofunsa kuti "kuno adzayeza ndani, ndipo adzayeza bwanji, pomwe madokotala a matenda a maganizo ndi owerengeka m'dziko lonse?" wafunsa zanzeru. Kumuyankha kuti ndi mbuli kapena wotsalira ndi chenjerero linanso, lonyoza m'malo moyankha. Amayi ambiri amene ndimapemphera nawo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti chili m'mimba ndi munthu, ndipo sakunama kapena kudana ndi atsikana. Ena mwa iwo ndi omwe amalera ana a atsikana othawidwa ndi amuna.

Tsopano ndifike pa olimbikitsa bilu, monga a COPUA (mgwirizano wa mabungwe olimbana ndi kuchotsa mimba m'njira zoopsa) ndi anzawo. Chida chawo chachikulu ndi kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute, yemwe anapeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi muno. Chiwerengerochi sindikuchitsutsa, ndipo aliyense wokhala kunyanja kuno akudziwa kuti zimachitika. Mlamu wanga ndi namwino, ndipo zomwe amaona sizofotokozera pachakudya. Mtsikana amabwera naye usiku pa kabaza, chitenje chitanyowa magazi, thupi likutentha, azakhali ake akuumirira kuti ndi malungo. Poyeza amapeza kachidutswa ka mtengo wa chinangwa, chinangwa chomwechi timadyera kondowole. Ena amachira, ena amachotsedwa chiberekero asanakwane zaka 20, ena amabwerera kwawo m'bokosi ndipo pamaliro amalengeza kuti anadwala mutu.

Koma funsani kuti mwa 141,000 aja ndi angati amene biluyi ikanawathandiza. Mtsikana wa ku Dwangwa amene chibwenzi chake chodula nzimbe chamukana, mayi wa ku Chia wa ana asanu amene wagwa mimba pomwe wina ali kumsana, wophunzira woopa kuchotsedwa sukulu: onsewa chifukwa chawo ndi umphawi, manyazi ndi mantha, zomwe bilu ija sinazivomereze. Ndiye kuimika chiwerengero chonsecho kutsogolo, ngati kuti bilu ikangodutsa imfa zatha, n'kulonjeza zomwe pepalalo silingakwanitse. Kapena akudalira kuti khomo la thanzi la m'maganizo lidzatambasuka, zomwe ndi zimene otsutsa aja akuopa. Chimodzi mwa ziwirizi n'choona, atiuze poyera. Anzathu a ku Zambia ali ndi lamulo lofewerapo kuyambira 1972, koma amayi akumidzi kumeneko amachotsabe mimba mobisa, mwa zina chifukwa lamulolo limafuna madokotala atatu asaine. Lamulo palokha silimanga chipatala.

Chenjerero lomwe limandinyansa kuposa onse ndi la aphungu athu. Mu March 2021, a Matthews Ngwale, omwe panthawiyo anali wapampando wa komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo, anapempha kuti abweretse biluyi m'nyumbamo. Aphungu anakana ngakhale kuikambirana. Sanaigonjetse ndi mfundo, anangoitsekera pakhomo. Mwanjira imeneyi palibe phungu amene anafunika kuima n'kufotokoza maganizo ake, ndipo aliyense anabwerera kudera kwake wopanda banga: kwa abusa ndi mashehe akuti "tinaikana," kwa mabungwe akuti "nthawi yake sinakwane." Pomwe dziko lomweli linavomereza mu 2005 Maputo Protocol, pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wa amayi, lomwe gawo 14 lake limanena za kulola kuchotsa mimba pa zifukwa ngati zomwezi. Kusaina kunja, kukhala chete kwanu.

Ndipo mwaona kuti pamkangano wonsewu mwamuna saoneka? Mimba imakambidwa ngati inagwa ndi mvula. Mphunzitsi, msodzi wogula thupi la mwana ndi usipa wa pa mbale, bambo womupeza, onsewa dzina lawo silimveka pa zikwangwani za mbali iliyonse. Nkhani zambiri zotere zimathera kwa amfumu ndi mbuzi imodzi, pomwe ndi milandu yoyenera kupolisi.

Ine maganizo anga ndi akuti biluyi ibwerere ku Nyumba ya Malamulo, iwerengedwe ndime ndi ndime, imasuliridwe m'Chichewa n'kuulutsidwa pa wailesi zam'madera kuti agogo a ku Benga aimve okha osati kudzera mwa wina. Pa za mwana wogwiriridwa ndili kumbali yoti athandizidwe kuchipatala. Pa za thanzi la m'maganizo ndikufuna ndimve kaye mmene adzalitchingire. Aphungu a Nkhotakota mukabwera kumsonkhano ulendo uno, funso langa lidzakhala limeneli, ndipo "nkhaniyi ndi yovuta" sindidzalandira ngati yankho.