Inu osunga maboti ndi ma jet ski mu Lilongwe muno, lekani kukakamiza injini yogona

Ana anga, adzukulu anga, makamaka inu amene Mulungu wakudalitsani mpaka mwagula boti la injini kapena jet ski, kanjinga kamoto koyenda pamadzi kaja, tandimverani. Khirisimasi yayandikira, ndipo tayamba kale kuona mathirela akutuluka m'mipanda ya ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 kulowera msewu wa ku Salima. Chinthucho chakhala kuseri kwa nyumba chichokereni Isitala. Mwera wadutsa, dzuwa la Okutobala lachiwamba, mvula yoyamba yachivumbwa, inu osachiliza ngakhale kamodzi. Lero mwangovundukula lona, kupukuta fumbi, kukoleka kugalimoto, basi ulendo wa makilomita oposa 100 mpaka ku Senga Bay, ati mukayesera komweko. Khalidwe limeneli ndi loipa. Likukuonongerani ndalama, ndipo tsiku lina lidzatayitsa moyo wa munthu.

Zimene mumachita mukafika pamchenga paja ndi zomvetsa chisoni. Mwadina batani, injini yangotembenuka osalira. Mwadinanso, chala osachotsa, sitata mpaka kutentha. Batire likafooka mumayandikitsa galimoto, kulumikiza mawaya galimotoyo ikulira. Wina wabwera ndi kabotolo ka petulo, akuti tithire pang'ono kukamwa kwa injini ilira pompano. Pambali payima mnzanu, ndudu ili pakamwa, ana azungulira akudikira kukwera. Inu mukudziwa chimene mukuseweretsa?

Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya umene timapumawu. Sukwera m'mwamba, umatsikira pansi n'kukhazikika m'mimba mwa boti. Jet ski ndi yotsekeka mbali zonse, ndiye ngati kapaipi ka mafuta kang'ambika ndi kutentha kapena kalumidwa ndi khoswe, mpweya wonsewo uli phee pansi pa mpando womwe mwakhalirawo. Kuthetheka kumodzi kwa waya wa batire n'kokwanira kuphulitsa mpandowo pamodzi ndi wokhalapo. N'chifukwa chake mabuku a opanga makinawa amalamula kuti muyambe mwachotsa mpando kuti mpweya utuluke musanalize. Chotsani mpando, weramani, nunkhizani. Mukamva fungo la petulo, kiyi m'thumba, waya wa batire osaukhudza, mpaka mutapeza pamene pakudontha. Apa sindikupempha, ndikukuuzani.

Tsono chimene chimagonetsa injini zambiri ndi petulo wakale uja munamusiya m'thanki. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol. Zimenezi zinayamba mu 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Kwa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto, mafuta amatha asanakalambe. Koma ethanol amakoka chinyezi. Thanki ikakhala theka kwa miyezi, usana kutentha usiku kuzizira, madzi amasonkhana pang'onopang'ono. Akachuluka, madziwo pamodzi ndi ethanol amalekana ndi petulo n'kukakhala pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwira. Ndiye mukamadina batani lija, chimene mukumwetsa injini ndi madzi. Gawo lopepuka la petulo, lomwe limagwira moto msanga, linauluka kalekale, ndipo chotsalacho chimasanduka ngati ulimbo m'timabowo ta kabureta ndi m'ma injector, momwe mafuta amadzera polowa mu injini. Timabowo timeneti n'tating'ono zedi, kachitsotso kamodzi katseka.

Popani mafuta pang'ono kuchokera pansi pa thanki, muthire m'botolo loonekera, muliimike pansi mphindi zingapo. Mukaona mzere wolekanitsa, pansi mbuu pamwamba petulo, kapena mafutawo adera ndipo akununkha vanishi, khuthulani onse. Musati mungoonjezera atsopano pamwamba kuti zisakanikirane, madzi aja sachoka. Ndipo chonde, ndaonapo anthu akukhuthulira mafuta oterewa pamchenga ndi m'madzi momwe. Nyanja ija anthu amamwa, amachapa, amasodzamo usipa ndi chambo chomwe inu mumagula pobwerera kuno. Sungani m'chigubu mubwere nawo. Nanunso okonda kugula mafuta a m'zigubu m'mbali mwa msewu petulo akasowa, dziwani kuti simudziwa chimene chinayamba chakhala m'chigubumo.

Za batire sinditalikitsa. Batire labwino lodzaza limaonetsa pafupifupi mavoti 12.6 pa mita. Likatsika pansi pa 12 ndiye lapwa, ndipo likakhala lopwa miyezi yambiri silibwereranso mwakale ngakhale mulitchaje usiku wonse. Lichotseni, mukalitchaje padera, mupale dzimbiri la pamitu pake. Kujumphira ku galimoto yolira kumatha kuotcha kakompyuta ka injini, ndipo kameneko simukakapeza pa msika waukulu wa mu Lilongwe kapena kwa ogulitsa masipeya a galimoto. Ndi koitanitsa kunja, ndalama zake zolirira. Musanakaikire zikuluzikulu, onani kaye ngati kachingwe kozimitsira injini kaja kalowa bwino pamalo pake, ndiponso ngati mafyuzi ali amoyo. Anthu amamasula injini yonse chonsecho vuto ndi kachingweko.

Pali china chimene chimandiwawa kwambiri, chifukwa chimapha injini yabwinobwino m'kamphindi. Mwadina batani, mwamva kuti gu, injini osatembenuka. Apo imani. Mwina madzi alowa m'masilinda. Lona lanu lija linabooka, mapulagi otulutsira madzi kumbuyo kwa boti munawasiya otseka, kutsogolo kwa thirela kunali kozolika, mvula n'kudzaza m'katimo. Madzi sapanikizika monga uchitira mpweya. Mukakakamiza, pisitoni imawagunda ndipo chitsulo chogwira pisitoniyo chimapindika. Pamenepo nkhani yasintha, si ya mapulagi a moto atsopano ayi, ndi yophwasula injini yonse. Chofunika ndi kutulutsa madzi m'botimo, kudikira mpweya wa petulo uthe, kumasula mapulagi onse a moto, kudontheza oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, kenako n'kutembenuza injini kuti madzi alavulidwe. Ngati ndi injini ya four-stroke, yomwe oyilo wake amakhala m'kati mwa injini osasakanikirana ndi petulo, solola ndodo ya oyilo uone, mwana wanga. Oyilo akatuwa ndiye kuti walowa madzi, asinthidwe injini isanalire. Ngati ndi two-stroke, yomwe imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, yokhala ndi thanki yakeyake ya oyilo, tsatani timapaipi ta oyilo ndi zala. Kamodzi kakaduka injini imalira ndithu bwinobwino, koma ikudzidya m'kati, ndipo idzakuumirani muli pakati pa madzi.

Makoswe nawo amakonda kumanga zisa pansi pa mpando, amatafuna mawaya ndi siponji yosefa mpweya. Mavu omanga ndi dothi amatseka kabowo kamene injini ya panja pa boti imalavulira madzi. Mukaliza injini yotere osaona madzi akutuluka pakabowoko, zimitsani msanga. Mwina ndi dothilo, mwina kampira kopopa madzi kaja kauma n'kuthyoka mapiko chifukwa chokhalitsa.

Zonsezi zichitikire pakhomo panu kuno ku Lilongwe, sabata imodzi kapena ziwiri ulendo usanafike, pamene makanika ali pafupi ndipo mutu wanu uli wozizira. Safunsa anadya phula. Ngati simukudziwa, itanani wodziwa injini za pamadzi, osati aliyense wogwira sipanala. Poyesera jet ski pabwalo ndi paipi ya madzi, dongosolo lake ndi ili: yambani kuliza injini, kenako tsegulani madzi. Pomaliza tsekani madzi kaye, kenako zimitsani injini. Mukasemphanitsa, madzi amabwerera kudzera ku ekizozi n'kudzaza masilinda omwe aja. Ndipo musaisiye ikulira nthawi yaitali panja pa madzi, zina za pansi pake zimaziziritsidwa ndi nyanja yokha. Injini ya panja pa boti ndi yosiyana, iyo madzi ayambe kuyenda musanalize.

Mawu anga omaliza apite kwa inu abambo. Injini imene yavuta kulira m'mawa, kenako n'kulira mwatsokomola, musakwezepo ana ulendo woyamba. Tsekani mapulagi a kumbuyo aja musanatsitsire m'madzi, valani jekete yoyandamitsa, kachingwe kozimitsira kakhale pamkono, muzungulire pafupi ndi gombe nokha kufikira injini itatentha. Muizimitse, muiyatsenso, muone ngati ikudzuka msanga. Nyanja ya Malawi imasintha mosachenjeza, ndipo jet ski yozima ilibe nkhafi, imangopita kumene mphepo ikufuna. Za kukafika ku chilumba cha Namalenje, chomwe mumachiona pafupi mukaima pa Senga Bay, zidikire tsiku limene injini yayenda popanda kudodoma, ndipo pagombe pakhale munthu wodziwa kumene mwapita ndi nthawi yobwerera.