Dambo silichira m'zaka zitatu

Kampani ikamanena kuti "tikwirira dambo ili, koma tikakonza lina kwina," ine ndimangoona kuti akutinyengerera. Ofufuza a m'mayunivesite anaiyesa kale nkhaniyi, ndipo zimene anapeza sizikugwirizana ndi lonjezo lotereli.

Mu 2012, David Moreno-Mateos ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za madambo 621 amene anthu anawabwezeretsa kapena kuwapanga m'maiko osiyanasiyana. Madzi ankabwerera msanga, mbalame nazonso sizinkachedwa kufika, moti wongodutsa akanati ntchito yatheka. Koma atayeza zomera ndi nthaka, anapeza kuti zatsalira m'mbuyo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi madambo osaonongedwa, ena a iwo ngakhale patatha zaka 100.

Vuto lili m'nthaka. Nthaka ya m'dambo imapangidwa ndi masamba ndi mizu yovunda pang'onopang'ono pansi pa madzi, pomwe mpweya ndi wochepa, ndipo ndi mmene imasungira kaboni wambiri, chinthu chimene zomera zimatenga mumpweya pokula. Mukakumba ngalande n'kuumitsa malowo, kaboniyo amathawira m'mlengalenga m'zaka zochepa, koma kuti aunjikanenso pamafunika mibadwo. Thirakitala ikhoza kutseka ngalande sabata imodzi. Nthakayo singaibweze.

Taonani mtsinje wa Kissimmee ku Florida, m'dziko la America. Anauwongola kukhala ngalande pakati pa 1962 ndi 1971, madambo a m'mbali mwake n'kuuma. Ntchito yokwirira ngalandeyo inayamba mu 1999 n'kutha mu 2021, ndipo ndi mbali chabe ya mtsinjewo imene inabwerera m'njira yake yakale.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ndalama za kafukufuku zimabwera za zaka zitatu kapena zinayi. Wophunzira amayeza, amalemba, amalandira digiri yake, basi wapita, dambo lisanaonetse n'komwe ngati lichira. Ku Ohio State University, ku America komweko, wofufuza William Mitsch anakonza madambo awiri oyeserera mu 1994, lina anadzalamo zomera, lina analisiya kuti lidzimerere lokha, ndipo anawatsata zaka zoposa 15. Kafukufuku woleza mtima chotero ndi wosowa, chifukwa opereka ndalama amakonda chithunzi cha tsiku lodzala mbande kuposa munthu wobwera chaka ndi chaka kudzatenga matope okayeza.

Inetu ndikanakhala wogawa ndalamazo, sindikanavomereza pulojekiti yobwezeretsa dambo imene ilibe bajeti yoliyeza kwa zaka zosachepera 20.