Ntchito yabwino ndi iti masiku ano? Maganizo anga

Dzulo mwana wa achemwali anga yemwe wangolemba kumene Fomu 4 anandifunsa kuti amalume, ntchito yolipira bwino ndi iti kuti ndisankhe kosi yoyenera. Ndinakhala kaye chete chifukwa yankho lomwe tinkapatsidwa ife kale lija loti udokotala, uloya kapena kubanki silikukwananso.

Ine kwanga ntchito ndikuiyeza ndi funso limodzi basi, zinthu zikakwera mtengo malipiro ako amakwera nawo kapena amangoima pompo? Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, ndiye munthu wa salale anagona ali ndi ndalama yomweyo koma podzuka shuga, mafuta ophikira, lendi, thiransipoti zonse zathawa. N'chifukwa chake anthu ambiri amaika pamwamba penipeni ntchito za m'mabungwe akunja zomwe malipiro ake amatsatira dola, ndipo pa ndalama sindikutsutsa ayi. Koma tinaona mu 2025 boma la America litaimitsa thandizo la USAID, anthu omwe tinkawasirira aja kubwerera kunyumba ndi makalata m'manja, ngongole ya kubanki ili pakhosi. Ntchito ya kontirakiti imakoma opereka thandizo akadalipo.

Kenako kumabwera MRA, Reserve Bank, mabanki ndi ma akauntanti. Kumeneko ndalama iliko komanso ulemu uliko, vuto mipata ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ana omwe akutuluka ku Chanco, MUBAS ndi Mzuni chaka chilichonse.

Pomwe mtima umandipweteka ndi pa aphunzitsi ndi anamwino. Pakamwa tonse timawatamanda, eti ntchito ya maitanidwe, koma maitanidwe sagula thumba la chimanga. Mphunzitsi wa pulayimale amamaliza ku TTC n'kukhala zaka akudikira kulembedwa, akalembedwa amutumiza kumudzi komwe nyumba ya aphunzitsi kulibe, kalasi ana osawerengeka ena atakhala pansi pa mtengo, mwezi usanafike pakati ali kale kwa akatapila. Namwino amagwira usiku wonse wodi yodzadza mpaka pansi, mankhwala ena kulibe, achibale a wodwala akukalipira iyeyo ngati ndi amene wabisa. Ndiye tikamva kuti wina wapeza mwayi ku UK tisamamunene kuti sakonda dziko lake, wapirira mokwanira.

Pansi penipeni sipofunika kukangana, pali alonda, antchito apakhomo ndi matenanti a m'minda ya fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji. Mu 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pamwezi koma ndi angati ankalandiradi imeneyo? Mlonda amachezera panja mu Juni kukuzizira ali ndi chibonga chokha kulondera katundu wa mamiliyoni, chikabedwa woyamba kutengeredwa kupolisi ndi iyeyo. Tenanti amalima chaka chonse akudya chakudya cha ngongole kwa bwana, fodya akagulitsidwa ku okushoni amuchotsera zonse n'kutsala ndi zosakwana ngakhale ulendo wobwerera kwawo.

Tsono pali gulu lomwe timalinyoza chifukwa silivala tayi, amisiri. Wowotcherera, pulambala, woika mawaya a magetsi ndi sola, makaniko, womanga nyumba. Amenewa simenti ikakwera kapena mafuta akakwera nawonso amakweza mtengo wawo tsiku lomwelo osadikira bajeti ya ku Nyumba ya Malamulo. Tangoyesani kupeza pulambala wodalirika ku Lilongwe kuno Loweruka, mumupeza ali ndi anthu atatu akumudikira. Zoona penshoni palibe, akadwala ndalama yaima, magetsi akazima wowotcherera wakhala, komabe pa mndandanda wanga ndimawaika pamwamba pa ambiri a mu ofesi omwe akungodalira ma alawansi a ma wekishopu.

Mphwanga uja ndamuuza kuti ngati mapointi alola apite ku yunivesite, sindingamutsekereze. Koma miyezi yomwe akudikira zotsatirayi asangokhala pakhomo ndi foni, ndalankhula kale ndi mmisiri wina wa sola kwathu kuno kuti azimutenga kuntchito, ndipo mafomu a maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA akatuluka tikatenga nawonso. Ayamba Lolemba.